Tsamba la Amayi Labwereranso

Chinthucho anachiona Lachiwiri m'mawa, chikwama chidakali paphewa. Madamu anali ndi chizolowezi choti akangolowa m'shopu ankayatsa kompyuta ya pakauntala n'kutsegula webusaiti yawo, osati chifukwa panali ntchito yoti agwire, koma chifukwa mtima wake unkakhala pansi akaona tsamba lake lili kutsogolo. Pamwamba pa webusaitiyo panali mzera wa mawu umene amautcha menyu, woti kasitomala akadina pa liwu lina amafika pa tsamba limene akufuna. Mawuwo ankawadziwa pamtima: Poyambira, Madiresi Atsopano, Masuti, Mayunifolomu, Kutipeza. Asanu basi. Koma m'mawa umenewo anawerenga kawiri n'kupeza asanu ndi limodzi. Kumapeto kwa mzerawo, pambuyo pa Kutipeza, panali patalembedwa kuti Madiresi a Amayi.

Tsamba limenelo anali atalibisa yekha, ndi chala chake, dzulo lake masana.

Amayi anali mkazi woyamba wa Bambo, eni shopuyo, telala wa manja abwino ndi mawu ochepa. Awiriwo ndi amene anayamba ntchitoyo ndi makina amodzi, Bambo akudula, Amayi akusoka, mpaka aliyense wofuna diresi laukwati ankalozeredwa pakhomo pawo. Amayi anadwala chaka chathunthu n'kumwalira. Patapita zaka ziwiri Bambo anakwatira mtsikana amene anamulemba ntchito ya pakauntala, ndipo antchito, posowa chomutcha, anangoti Madamu. Dzina lakuti Amayi linali ndi eni ake kale, ndipo eni akewo sanalisiye ngakhale anali m'manda.

Tisamunamizire Madamu, sanali munthu woipa mtima. Ankadziwa kulandira makasitomala, ankafunsa za ana a antchito, ndipo madiresi amene ankajambula anali okongola ndithu. Koma nsanje inkamudya ngati njenjete m'nsalu. Mkazi mnzako wamoyo umangomudikira, tsiku lina adzapsereza chakudya, adzayankha mwano pagulu, adzakalamba. Wakufa sachita zimenezo, amangokomerakomera m'kamwa mwa anthu chaka ndi chaka. Madamu akasuntha tebulo, wina ankati, "Amayi ankaliika apo." Akajambula kolala yatsopano, wina ankati, "Amayi akanaitsitsa pang'ono." Iye zonsezo akanazipirira. Chimene ankafuna chinali chimodzi chokha, kudziwa kuti mwamuna amene amagona pambali pake ndi wake, osati wobwereka kwa malemu.

Webusaiti ija ndiyo inali malo okhawo amene mawu ake ankatha. Bambo za makompyuta ankazithawa, ngakhale kutumiza chithunzi pa foni ankachita kupempha munthu. Mwezi wapitawo Madamu anaitana a Mawaya, katswiri amene ankawakonzera za intaneti, kuti asinthe menyuyo izidzikonza yokha. Kuyambira pamenepo panalibenso zolemba mawu a pa menyu pamanja. Tsamba lililonse lotsegulidwa kwa anthu linkalowa lokha pamzerapo, ndipo lobisidwa linkachoka lokha. Madamu anazengereza masabata atatu. Kenako Lolemba masana, antchito atapita kukadya, anadina batani lobisira, tsamba la Amayi n'kuzimiririka pamodzi ndi zithunzi za madiresi ake makumi anayi. Usiku umenewo anagona tulo tokoma kuposa tonse chilowereni m'banjamo.

Ndiye kutacha, si ili labwerera.

Anaganiza kuti mwina sanadine bwino. Analibisanso, n'kutsimikiza pa foni yake kuti mawu atsala asanu. Lachitatu m'mawa tsambalo linali pomwepo. Analibisanso, ulendo uno akukanikiza batani ngati akupha nsikidzi. Lachinayi linabwerera, koma silinalinso kumapeto. Linali litadumpha Kutipeza n'kukhala lachisanu. Apa m'pamene anayamba kuopa, pakuti chinthu chongowonongeka chimabwerera pomwe chinali, sichisendera.

Masana a tsiku lomwelo Asimbi, mayi wachikulire wosita zovala amene anagwira ntchito m'shopumo kuyambira nthawi ya Amayi, anabwera pakauntala ndi diresi pamkono ngati akudzafunsa za ntchito. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Madamu, kodi mlonda wakuuzani?"

"Andiuze chiyani?"

"Iii, mwina ndalakwa kuiyamba. Akuti kuchipinda chakumbuyo kuja kumamveka makina."

Chipinda chakumbuyo chinali kumapeto kwa kolido yopapatiza, kupitirira choyezera zovala. Mmenemo ndi mmene Amayi ankasokera madiresi aukwati pa makina awo opalasa ndi phazi. Chichitikireni maliro chitseko chake chinali chokhoma, ndipo Bambo ankati kiyi sakudziwa kumene anamuika.

"Makina ake ati? Mlonda ameneyo amamwa," anatero Madamu.

"Anasiya kale, Madamu, pano ndi wa kwaya. Akuti kukangoda, inu mutaweruka, kumayamba kwete, kwete, kwete, pang'onopang'ono, mmene ankapalasira eni ake akamamaliza mpendero. Akuti pawindo la kuseri, m'mbali mwa katani, mumatuluka kuwala. Osati kwa babu ayi. Kwabuluu, kozizira."

"Nanga Bambo? Si amatsala muno kumadula nsalu mpaka cha m'ma 8 koloko?"

Asimbi anasisita diresi lija ngakhale linalibe khwinya. "Ndiye zimene ndikunenazo. Amakhala ali okha muno."

Mantha anamugwira Madamu, inde, koma pansi pa manthawo panali china chowawa kuposa. Ngati wakufayo amabweradi, ndiye kuti amasankha nthawi, amadikira mkazi wa panyumba achoke, mwamuna atsale yekha. Zimenezo ndi zochita za mkazi wodziwa chimene akufuna, ndipo Madamu anapsa nazo mtima.

Madzulo akudya anafunsa ngati zocheza. "Bambo, mukamatsala kushopu kuja, simumva kanthu?"

"Ngati chiyani?"

"Phokoso. Makina."

Bambo anatafuna nthawi yaitali. "Ndikamadula ndimamva sizasi basi."

"Tsamba lina pa webusaiti likumabwerera lokha."

"Zimenezo ndi zanu, akazi anga. Ine mukudziwa kuti sindizitsata."

Anawayang'anitsitsa pamene ankanena za webusaitizo, koma pankhope pawo sanapezepo bodza, ndipo zimenezi zinamuopsa kuposa nkhani ya mlonda.

Kuyambira pamenepo tulo tinamuthawa. Bambo akangoyamba mkonono, iye ankafunda bulangete kumutu n'kuyatsa foni, ndipo tsambalo ankalipeza litabwerera kale. Ankalitsegula n'kumayang'ana madiresi aja limodzilimodzi, kukulitsa chithunzi ndi zala, kufunafuna msoko wokhota, mpendero wosalingana, chilichonse choti anene kuti nawonso ankalakwitsa. Sanapeze kanthu. Ankatseka mokwiya, n'kutsegulanso pasanathe mphindi zisanu. Kunja agalu ankalira, denga linkathetheka pozizira, ndipo iye ankamvetsera mpweya wa mwamuna wake kuti mwina atchula dzina kutulo. Lachisanu tsambalo linadumpha Mayunifolomu.

Loweruka kunabwera mayi wina ndi mwana wake woti akwatiwe. Madamu anawayalira zojambula zake zonse pakauntala, koma mtsikanayo sanazigwire n'komwe. Anatulutsa foni. "Ine ndikufuna ili, la mikanda pachifuwa. Ndaliona pa Madiresi a Amayi. Anasoka ndani? Ndikufuna andisokere yemweyo."

Makina onse m'shopumo anaima. Asimbi ndi amene anayankha ali kumbuyo ndi simbi m'manja. "Anatisiya, mwanangu. Manja ake anali ena."

Madamu anamwetulira mpaka masaya kumuwawa.

Pofika madzulo nkhani inali m'kamwam'kamwa mumsewu wonsewo. Wometa tsitsi ankati Amayi anasiya diresi losamaliza ndipo akubwera kudzalimaliza. Mayi wogulitsa mankhwala ankati ayi, malemu akwiya ndi kubisidwa, munthu sungamukwirire kawiri. Wokonza mafoni, amene aliyense ankayembekeza kuti alankhula zanzeru, ndiye anawonjezera kuti mzimu umayenda bwino m'mawaya kuposa pamsewu. Mlonda anasamutsa mpando wake n'kukauika patsidya, pansi pa getsi la sitolo ya mankhwala. Lolemba m'mawa tsambalo linali litadumpha Masuti n'kukhala moyandikana ndi Madiresi Atsopano, popanda kanthu pakati.

A Mawaya anafika masana a tsiku limenelo ndi chikwama chawo chofa zipi. Anali bambo wa mimba yake, woseka chilichonse, woti ngakhale kompyuta ikapsa ankayamba waseka asanapepese. Anamva nkhani yonse akugwedezeka pampando. "Mizukwa ya masiku ano yapita kusukulu, Madamu. Ikudziwa ndi pasiwedi yomwe!"

"Musandiseke, a Mawaya. Chikuyendetsa tsambali n'chiyani?"

"Kuyenda si nkhani. Paja ndinakufotokozerani, koma inu maso anali pa foni. Menyu imeneyi, pakati pa usiku uliwonse, imawerenga masamba amene atsegulidwa kwambiri sabata imeneyo n'kuwasendeza kutsogolo. Poyambira pokha ndi pamene sipasuntha. Ndi mmene lanu linakhalira patsogolo. Tsopano tiyeni tione akulikonda chonchi la Amayi ndani." Anadinadina, n'kukweza magalasi pamphumi. "Latsegulidwa ka 312. Ka 70 ndi amiseche a mumsewu uno. Kotsala konseko ndi foni imodzi." Anayang'ana foni imene inali pakauntala, kenako anayang'ana kudenga. "Mwini wake sindimutchula."

Makutu a Madamu anatentha ndi manyazi. Mkazi mnzake uja, Madamu anamubereka yekha kumsana, usiku ndi usiku pansi pa bulangete, n'kumukweza mpaka pakhomo pake. Koma manyaziwo sanayankhe funso lenileni.

"Chabwino, za kusendera ndamva. Nanga ndikalibisa, amalitsegulira anthu ndani?"

A Mawaya anatsegula pamene makinawo amalemba aliyense wokhudza tsamba, tsiku lake ndi nthawi yake. Anawerenga, n'kutsitsa magalasi, n'kuwerenganso. Kuseka kuja kunatha.

"Olowa muno ndi atatu. Ine, inu, ndi akaunti yakale imene ndinaiwala kutseka." Anatembenuzira kompyuta kwa iye. Mizera inali itandandalika bwinobwino. Lolemba, 7:41 madzulo, latsegulidwa kwa anthu ndi Amayi. Lachiwiri, 7:38, ndi Amayi. Lachitatu, 7:44, ndi Amayi. Mpaka Loweruka.

"Pasiwedi yawo amaidziwa ndani?" Mawu a Madamu anatuluka aang'ono.

"Ine sindiidziwa, anasankha okha osandiuza. Laputopu yawo ndinamva kuti inapita kwa achemwali awo." A Mawaya anasendera pafupi n'kunong'ona. "Koma Madamu, wolowayo sakulowera kutali. Akugwiritsa ntchito intaneti ya m'nyumba muno."

Onse awiri anatembenukira ku kolido kuja. Kunali zii, chitseko chakumapeto chili chitsekere monga mwa masiku onse.

"Nditseke akauntiyi," anatero a Mawaya. "Mphindi imodzi sikwana. Zithere pomwepa, aliyense azigona."

Munthu wanzeru akanavomera, ndipo ine ndikanamuuza kuti vomera. Koma nsanje sifuna kuti zinthu zithe, imafuna kuona ndi maso. Madamu anagwira dzanja la a Mawaya lisanafike pa batani. "Musatseke. Ndikufuna ndikumane naye."

Lachiwiri m'mawa menyu inkawerengeka chonchi: Poyambira, Madiresi a Amayi, Madiresi Atsopano. Sanavutikenso n'kulibisa. Anagwira ntchito tsiku lonse osakweza mutu, nthawi itakwana anatsanzika monga mwa masiku onse, n'kupita kunyumba. Anasamba, anakonza tsitsi, kenako anavala diresi lobiriwira la mabatani kumsana limene Bambo anamusokera pa tsiku lake lobadwa. Analisankha dala. Bambo ankamusokera diresi miyezi iwiri iliyonse ndi manja awo, osamuyeza n'komwe, ankati maso awo ndi okwana, ndipo lililonse linkamukhala ngati anabadwa nalo. Ngati panali umboni woti mwamunayo ndi wake, unali umenewo, ndipo anafuna kuti wakufayo auone.

Anabwerera kushopu itangopitirira 7 koloko, kutada kale. Mlonda anamuona ali patsidya koma sanadzuke, anangogwira pakamwa. Madamu analowera khomo la m'mbali ndi kiyi wake, n'kulikankha pang'onopang'ono kuti lisalire.

Mkati munali mdima. Kuwala kwa mumsewu kunkalowera m'mipata ya zitsulo za pawindo n'kugwera pa zidole zoonetsera madiresi aukwati, zisanu, zopanda mitu, zitaima mondondozana ndi manja azo ansalu ali lende. Munkanunkhira simbi yozizira ndi mafuta a makina. Pa tebulo lodulira nsalu panali sizasi ili yasa, ndi nsalu yakuda yolembedwa choko koma yosadulidwa ngakhale pang'ono. Mpando wa Bambo unali wopanda munthu.

Ndiye anamva. Kwete. Panapita kanthawi. Kwete. Kwete.

Phokosolo silinali lalikulu, linali lofatsa, la chitsulo chimene chikupita kutsogolo n'kubwerera popanda changu, ndipo linkachokera kumapeto kwa kolido. Pansi pa chitseko chija pankatuluka kamzera ka kuwala kwabuluu, kakuwala pa simenti. Pansi pa kwete kwete panalinso china, mawu a munthu akung'ung'udza motsitsa, osamveka ngati ndi a mwamuna kapena a mkazi. Madamu anavula nsapato n'kuzisiya pafupi ndi zidole. Anayenda atatsamira khoma, simenti ikumuzizira m'mapazi, katani ya choyezera zovala n'kumukhudza patsaya mpaka anatsala pang'ono kukuwa. Mtima unkamuuza kuti thawa, koma nsanje inkamukankha pamsana. Atafika anagwira chotsegulira chitseko. Sichinali chokhoma.

Bambo anali atakhala pa kampando ka Amayi, msana kukhomo. Pa thabwa la makina panali laputopu yakale yong'aluka pakona, ndipo phazi lawo la kumanja linali pa chopalasira, likuchipondaponda lokha popanda iwo kudziwa, lamba wa makinawo atachotsedwa kale. M'chipindamo munalibe wina aliyense. Pa laputopupo panali chithunzi cha mkazi atafulatira, ataima pakhomo la shopu, atavala diresi lobiriwira la mabatani kumsana.

Mtima wa Madamu unadumpha ndi chimwemwe chimene sanachimvepo. Kani mwamunayu amadzitsekera mumdima kuti aziyang'ana iye! Misozi inalengeza m'maso.

"Bambo, munandijambula liti?"

Bambo anadzidzimuka, chala chawo n'kugunda batani, chithunzi n'kusintha. Mkazi uja tsopano anali atatembenuka, akuseka, dzanja lili m'chiuno. Anali Amayi.

Kwete kwete analeka. Kunkangomveka kulira kwa kafani ka laputopu.

"Ndinu," anatero Madamu. "Ndinu amene mumalowa ndi dzina lawo. Inu amene simutha ngakhale kutumiza chithunzi."

"Sinditha ndithu," anatero Bambo motsitsa. Anamatula kapepala kachikasu kamene kanali katamatidwa pa thabwa la makina n'kumupatsa. "Anandilembera ali m'chipatala, kuti ndizitha kuona zithunzi iwo kulibe. Ine ndimangotsatira."

Anakawerenga pa kuwala kwa laputopu. Zilembo zake zinali zopendekeka, za munthu wolemba atagona. Choyamba, yatsani apa. Chachiwiri, lembani mawu awa. Chachitatu, dinani pa tsamba langa. Chachinayi, dinani pa kabokosi ka zithunzi, zonse zili mmenemo. Chachisanu, mukamaliza dinani batani labuluu, musaiwale, paja inu mumaiwala.

"Batani labuluuli mumadziwa ntchito yake?"

"Si lotsekera?"

"Limatsegulira dziko lonse tsamba limene ine ndabisa."

Bambo anakweza maso. "Munalibisa?"

Madamu anawabwezera kapepala kaja. "Mwakhala mukubwera muno kuyambira liti?"

"Chimwalirireni."

"Ngakhale tsiku limene tinakwatirana?"

Bambo anayang'ana pansi.

Anawakankha pang'ono n'kukokera laputopu kwa iye. Zithunzi zimenezi sizinali za pa tsamba lija, zimene ankazidziwa ngati chikhatho chake. Zinali za m'kabokosi, zimene sizinaikidwepo poyera, Amayi atavala zovala zawo za tsiku ndi tsiku zimene ankadzisokera okha. Anadina. Diresi lachikasu la matumba awiri. Anadina. Lofiirira la lamba wopyapyala. Anadina. Lakuda la madontho oyera, limene iye anavala tsiku limene mayi ake anabwera kudzacheza, mayi akewo n'kunena kuti mwana wanga wapeza mwamuna womusamala. Anadina mpaka chala kuchita dzanzi, ndipo lililonse ankalidziwa fungo lake, poyabwa pake, ndi pamene limakhala m'kabati ya kunyumba.

"N'chifukwa chake simundiyeza."

"Palibe choyezera, akazi anga." Bambo analankhula mofatsa, ngati akumuyamikira. "Tsiku limene munabwera kudzafunsa ntchito, mutangoima pakhomo paja, ndinaona. Mapewa, chiuno, msinkhu. Palibe posiyana ngakhale theka la inchi."

"Ndiye munakwatira ine, kapena munakwatira muyeso?"

Phazi la Bambo linapondanso chopalasira kamodzi. Kwete.

"Sindinakuzunzenipo," anatero.

Limenelo silinali yankho, ndipo onse awiri anadziwa. Madamu anamva kuwawa kumene kunalibe ngakhale misozi. Masiku onsewa ankaopa mzukwa wobwera kudzamulanda mwamuna, osadziwa kuti panalibe choti alandidwe.

"Ndifufuta," anatero. "Tsamba, zithunzi, zonse. Osati kubisa. Kufufuta."

Ankayembekeza kuti amugwira dzanja, apepesa, akalipa, chilichonse choti alimbane nacho. Bambo anangosuntha kampando kuti amupatse malo.

"Fufutani ngati mtima wanu ukhale pansi. Zonse zili muno." Anadzigwira pamphumi ndi chala. "Atsala madiresi asanu ndi limodzi amene sindinakusokereni."

Madamu anafufuta. Makinawo anamufunsa kawiri ngati akutsimikiza, iye n'kuvomera kawiri konse. Menyu ija inadzikonza yokha pomwepo, mawu anasenderana n'kutseka mpata, Madiresi Atsopano n'kubwerera kutsogolo. Anayang'ana tizilembo timeneto nthawi yaitali, kudikira kuti amve kukoma kwa kupambana, koma sikunabwere. Bambo anapinda kapepala kaja bwinobwino n'kukaika m'thumba la malaya, anazimitsa laputopu, anakhoma chitseko ndi kiyi amene ankati anasowa.

Anayenda wapansi mpaka kunyumba, Bambo kutsogolo, iye kumbuyo. Diresi lija linkamuyabwa thupi lonse. Atangolowa kuchipinda, asanayatse n'komwe getsi, analikoka m'khosi ndi manja awiri mpaka mabatani anathothoka n'kumwazikana pa simenti. Analiponya pakona, n'kutsegula kabati kuti apeze chovala china. Anapapasa mumdima, nsalu ndi nsalu, kuyambira mbali ina mpaka inzake. La matumba awiri. La lamba. La madontho. Zovala zimene anabwera nazo m'banjamo anazipereka kalekale kwa mng'ono wake, monyadira, akunena kuti iye tsopano amavala zosokedwa ndi mwamuna wake zokha.

Anakhala pansi pa simenti ndi pitikoti yokha, atakumbatira mawondo. Bambo anavula nsapato, anagona mbali yawo ya bedi, anafunda. Patapita nthawi analankhula ali chifulatire, ndi mawu achifundo ndithu.

"Mudwala ndi mphepo pamenepo. Valani kanthu."

Madamu anapirira mpaka kuzizira kunamulowa m'mafupa, mano akugundana. Kenako anatambasula dzanja m'kabati muja n'kutenga limene linali pafupi. Linamukwana bwinobwino.